Foni ikamahanga m'chigwa muno, musathamangire kukaflashitsa

Chaka chatha mu Okutobala, nthawi ija dzuwa la kuno limawotcha ngati lakwiyira munthu, mlamu wanga wa ku Ngabu anafika pa benchi pomwe ndimakonzera mafoni pa Nchalo thukuta lili kamukamu, nkungoponya foni patebulo. "Alamu, iflasheni iyi yandikwana, olo zifufutike zonse zilibe kanthu." Iwowa amagula mbuzi m'midzi nkumakagulitsa, ndiye tsiku limenelo kasitomala akuti watumiza ndalama pa foni, iwo kuti atsegule uthenga awone foni yangoti zii, kudina apa osamva, kudina apo osamva, mpaka kasitomala uja kuyamba kuwakayikira kuti mwina akufuna kumuchenjerera. Nditaigwira ndinachita kuisinthira dzanja lina, kutentha kwake ngati chivundikiro cha poto. Anali ataimangirira pa thanki ya njinga yamoto m'kachikwama kakuda ulendo wonse wochokera ku Ngabu. Ndinaivula kava, nkuigoneka pa simenti m'mthunzi, ife nkumamwa thobwa, patatha mphindi ngati 20 inayamba kumva. Sikuti inachira yonse ayi, chifukwa nditalowa ku Storage ndinapeza kuti pa 32GB yonse ija patsala malo osakwana 400MB. Koma sitinaiflashe, ndipo akadali nayo mpaka lero.

Zimandiwawa kwambiri kuona anthu akutaya ndalama ndi zithunzi zawo chifukwa choti palibe anawafotokozera chimene chikuchitika m'kati mwa foni. Munthu amabwera akuti flashani, kutanthauza kufufuta zonse nkulembamo software mwatsopano, zithunzi za ukwati wake, mavoisi a mayi ake amene anatisiya, manambala a makasitomala, zonse zipite, pamene vuto linali laling'ono loti akanathana nalo yekha atakhala pakhonde. Ndiye ndifotokoza mmene ndimazionera pa ntchito yanga, mwina wina apulumutsa foni yake.

Kuti timvane, ganizirani za mayi amene akupeta mapira. Pali nkhokwe momwe mukukhala mapira onse, pali lichero momwe amaikamo oti apete nthawi imeneyo, ndiye pali mayiyo mwini wake ndi manja ake. Mu foni nkhokwe ija ndiye storage, ya 16GB, 32GB, 64GB kapena 128GB, mmene mumakhala zithunzi, nyimbo, mavidiyo ndi ma app. Lichero ndi RAM, 2GB, 3GB, 4GB, pamene foni imayala zinthu zimene mukugwiritsa ntchito panopa. Mayi uja ndi processor. Foni ikamachedwa ndiye kuti chimodzi mwa zitatuzi chapanikizika, mwina nkhokwe yadzaza moti kutapamo kapena kuikamo kanthu ikukhala ntchito, mwina lichero lachepa, mwinanso mayiyo watopa ndi dzuwa. Anthu ambiri amasokoneza RAM ndi storage, onse amangoti "memori", ndiye wina amakagula memori khadi poganiza kuti foni ithamanga, pamene khadi imangowonjezera nkhokwe, lichero limakhala lomwe lija.

Za lichero zili chonchi. Mukatsegula WhatsApp, kenako Facebook, kenako Chrome, zonsezi zimafuna malo pa RAM, ndipo Android nayo imakhala yatengako kale gawo lake lalikulu musanatsegule kalikonse. RAM ikadzaza Android imatseka mwakachetechete app imene simukuigwiritsa ntchito kuti ipeze malo a ina. Nchifukwa chake mumati mukulemba uthenga pa WhatsApp, mwatuluka pang'ono kukaona nambala ku ma contacts, pobwerera WhatsApp ikuyamba kutseguka kuchokera poyambirira ngati simunaitsegulepo. Foni sinawonongeke, lichero lachepa basi. Ndipo chimene anthu sadziwa nchoti ma app amakula chaka ndi chaka. WhatsApp ya lero si ija inkangotumiza mameseji, pano muli status, ma channel, kuimbirana pa vidiyo, ma sticker, zonsezo ndi katundu. Foni ya 2GB imene inkathamanga bwino zaka zinayi zapitazo ndi yomwe ija, koma mtolo umene mukuisenzetsa wakula kawiri. Google inaliona vuto limeneli nchifukwa chake mu 2017 inatulutsa Android Go, yopepuka, yopangira mafoni a RAM yochepa ngati ma itel ambiri amene tili nawo kuno.

Apa ndichenjezeko pang'ono, chifukwa ndawona anthu akupusitsika pogula. Pa katoni pamalembedwa mwina 8GB RAM ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake timalemba tating'ono 4GB+4GB. Tecno ndi Infinix amazitcha Memory Fusion, Samsung amati RAM Plus. RAM yeniyeni pamenepo ndi 4GB yoyambayo, inayo amangobwereka ku storage, ndipo storage ndi yochedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM. Zimathandizako kuti ma app asamatsekedwe msanga koma musaiwerengere ngati RAM yeniyeni pokambirana mtengo.

Tsopano nkhokwe, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mafoni ambiri amene amafika pa benchi panga vuto limakhala pamenepa. Chip imene imasunga zinthu mu foni ili ndi khalidwe lake lachilendo. Siingathe kulemba pamwamba pa chinthu chakale, imayenera kufufuta kaye, ndipo siingafufute kachinthu kamodzi kokha, imafufuta chigawo chathunthu nthawi imodzi. Zili ngati bolodi ya kusukulu yoti aphunzitsi sangafufute liwu limodzi, akafuna kusintha liwu ayenera kukopera kaye zonse zofunika pa bolodi ina, afufute yonseyo, ndiye alembenso. Mabolodi opanda kanthu akakhala ambiri ntchito imayenda, amangopita pa ina nkulemba. Koma onse akadzaza, kuti alembe chiganizo chimodzi ayenera kusamutsa, kufufuta, kubwezera, nthawi nkumapita. Ndi zimene foni yanu imachita ikadzaza. Ndipo dziwani kuti foni imalemba nthawi zonse olo inu musakusunga kanthu, uthenga uliwonse wolowa, tsamba lililonse lotsegula, kamera ikangoyaka, zonsezo ndi kulemba. Ndiye storage ikatsala pang'ono chilichonse chimachedwa, ngakhale kiyibodi imene imachedwa kutulukira. Android ili nako kantchito kosesa zigawo zimenezi, amakatcha TRIM, kanabwera ndi Android 4.3 mu 2013, kamagwira kokha foni ikakhala phee makamaka ili pa tchaja, koma nakonso kamafuna malo oti katembenukirepo. Ine ndimauza anthu kuti pa magawo khumi a storage, limodzi kapena awiri azikhala opanda kanthu nthawi zonse. Pa foni ya 32GB muzisiya 4GB kapena 5GB, osati kudikira mpaka ikuuzeni yokha kuti storage space running out.

Nanga chimadzaza nchiyani? Kwa mlamu wanga uja inali WhatsApp, ndipo kwa anthu ambiri ndi yomweyo. Ali m'gulu la kumpingo, la akubanja, la ogula ziweto, la mpira, la anzawo a kusukulu, lina la nkhani za m'boma, ndipo vidiyo imodzi ya madzi osefukira imatumizidwa m'magulu onsewo, foni nkumangodawuniloda osafunsa. Tinapeza WhatsApp yokha yadya kupitirira 11GB. Chochita nchosavuta. Tsegulani WhatsApp, pitani ku Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Pamenepo imakuonetsani yokha zinthu zoposa 5MB ndi zimene zatumizidwa kambirimbiri, komanso gulu lililonse ndi malo amene ladya. Yambani ndi magulu akuluakuluwo, fufutani mavidiyo, zithunzi za ana anu zisiyeni. Mukatha bwererani pa Storage and data pomwepo, pali Media auto-download, chotsani chizindikiro pa mavidiyo, ma audio ndi ma document, olo pa zithunzi pomwe ngati mungathe, kuti chinthu chizilowa mu foni pokhapokha inu mwachidina. Bandulo yanunso iyamba kukhalitsa, muona. Chinanso chimene ambiri amaiwala, mukafufuta zithunzi ku gallery, mafoni ambiri amangozisamutsira ku Trash kapena Recently deleted, zimakhala kumeneko masiku ngati 30 zikudyabe malo, ndiye mupite mukakhuthule kumenekonso. Muonenso foda ya Xender kapena SHAREit, mumakhala mafilimu amene munalandira kwa anzanu, munaonera kalekale koma akungokhala. App ya Files by Google imathandiza kupeza zinthu zobwerezabwereza ndi zikuluzikulu, ndipo imeneyo ndimaikhulupirira.

Koma chimene chimatisiyanitsa ife a m'chigwa ndi anthu a ku Blantyre kapena ku Dedza ndi kutentha, ndipo nkhani imeneyi sikambidwa mokwanira. Apple ndi Samsung onse amalemba m'malangizo awo kuti foni igwiritsidwe ntchito pamalo pamene kutentha kuli pakati pa 0 ndi 35 digiri. Tsono inu mukudziwa mmene kumakhalira ku Nsanje, ku Bangula, ku Ngabu kapena pa Dyeratu mu Okutobala ndi Novembala, kupitirira 40 si nkhani yodabwitsa, ndipo imeneyo ndi ya mumthunzi. Ndiye kuti masana a miyezi imeneyi foni imakhala yadutsa kale malire ake isanagwire ntchito iliyonse. M'kati mwake muli timasensa toyeza kutentha, ikaona kuti yatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro la processor kuti isapse, azungu amati thermal throttling. Mofanana ndi ng'ombe za pa ngolo, m'mawa zimakoka bwinobwino koma dzuwa likafika paliwombo olo muzikwapule zimangoyenda mwa pang'onopang'ono. Mafoni ena amachepetsanso kuwala kwa sikirini, kusiya kutchaja, kapena kukana kutsegula kamera. Ngati foni yanu imayenda bwino m'mawa ndi usiku koma masana nkumahanga, musavutike nkuiflasha, ndi dzuwa limenelo.

Ndiye ife timaonjezera moto pa moto osadziwa. Kava ya labala yochindikala, yakuda, imatsekera kutentha m'kati ngati bulangeti. Kutchaja kumatenthetsa foni pakokha, ndiye wina akutchaja uku akuonera TikTok, netiweki ya 4G ikukoka, sikirini yawala mpaka kumapeto chifukwa panja pakuwala, zinayi zonsezo nthawi imodzi m'nyumba ya malata masana. Ena amatchajira pa sola nkusiya foni pambali pa panelo padzuwa pomwepo, chonde talikitsani waya foniyo ikhale m'nyumba kapena pansi pa mtengo. A kabaza ndi a njinga zamoto, foni ya pa handulo kapena pa thanki imapsa kawiri, dzuwa pamwamba injini pansi. Kotchajitsa nako ndimaona mafoni 20 ataunjikidwa pa shelefu imodzi, ina pamwamba pa inzake, iliyonse ikutenthetsa inzake. Kunyumba musatchajire pa matiresi kapena pansi pa pilo, igonekeni pa simenti kapena patebulo, kava mutavula, ndipo ngati magetsi akulolani tchajani usiku kapena m'mamawa. Ikatentha kwambiri izimitseni mupumitse mphindi zingapo mumthunzi. Musaiike mu filiji kapena pa madzi oundana a ogulitsa mafirizesi, kuzizira kwadzidzidzi kumapanga chinyezi m'kati, mukhala mwachiza kutentha nkuyambitsa dzimbiri pa bodi ya m'kati mwa foni.

Netiweki nayo ili ndi mbali yake, ndipo pali zinthu ziwiri zoti tisiyanitse. Choyamba, malo amene netiweki ndi yofooka, monga midzi ina ya kutsidya kwa Shire kapena kumunsi kufupi ndi malire ku Marka, foni imakuwa mwamphamvu kuti nsanja ya netiweki iimve, ndiye imatentha ndipo batire limatha msanga. Kumalireko imathanso kumadumphadumpha kufuna kugwira netiweki ya ku Mozambique, ndiye ndi bwino kupita ku Mobile networks nkusankha nokha netiweki yanu m'malo moisiya pa automatic. Ngati muli kumunda koti netiweki kulibiretu, ikani pa airplane mode, mupulumutsa batire. Chachiwiri, nthawi zambiri munthu akamati foni ikuchedwa, imene ikuchedwa ndi intaneti osati foni. Yesani chonchi, zimitsani data, tsegulani kamera, gallery, calculator, ma contacts. Ngati zimenezi zikutseguka msangamsanga koma Facebook yokha ndi imene imangozungulira, foni yanu ilibe mlandu. Yang'anani pamwamba paja, pakalembedwa E ndiye kuti muli pa 2G, palibe vidiyo ingayende pamenepo olo foni ikhale ya mamiliyoni. H kapena H+ ndi 3G. Madzulo anthu akaweruka aliyense ali pa intaneti, nsanja imodzi yomweyo, liwiro limatsika kwa aliyense.

Batire ndi limene limavulala kwambiri ndi kutentha kwathu kuno, ndipo kuvulala kwake sikuchira. Mabatire a mafoni ndi a lithium-ion, amakalamba ndi kutchaja kulikonse. Apple inkanena za ma iPhone akale kuti batire likatchajidwa modzaza ka 500 limatsala ndi mphamvu pafupifupi 80 pa 100 iliyonse, ndiye kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku ndi chaka ndi theka kapena ziwiri, ndipo kumalo otentha zimafulumirapo. Batire lokalamba silimangotha msanga, limalepheranso kupereka mphamvu yambiri nthawi imodzi processor ikafuna, nchifukwa chake foni imazima ili pa 30 kapena 40 mukangotsegula kamera. Nkhani imeneyi inaphulika mu Disembala 2017 pamene Apple inavomera kuti inkachepetsa dala liwiro la iPhone 6, 6s, SE ndi 7 za mabatire okalamba kuti zisamazime zokha. Anthu anakwiya chifukwa sanauzidwe, ambiri anagula mafoni atsopano pamene chofunika chinali batire chabe. Kampaniyo inatsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29, ndipo mu 2020 dziko la France linailipiritsa mayuro 25 miliyoni. Amene muli ndi ma iPhone ogula kwa ena aja, pitani ku Settings, Battery, Battery Health, ikakhala pansi pa 80 dziwani kuti kuchedwako mwina nkwa batire. Pa Android zizindikiro ndi zomwe zija, kuzima mwadzidzidzi, peresenti kudumpha, kutentha olo musakuigwiritsa ntchito. Mukaona kumbuyo kwatukuka kapena sikirini yayamba kunyamuka m'mbali, batire latupa, lekani kutchaja tsiku lomwelo, musalibowole, musalipanikize ndi labala kuti foni itsekeke, likhoza kuyaka m'thumba. Kusintha batire nkotchipa kutalitali kuposa foni yatsopano.

Tchaja nayo muiyang'ane. Pali vuto lina limene anthu amati foni yalowa ziwanda, ikakhala pa tchaja imadzidina yokha kapena mukadina apa imamva apo. Kawirikawiri ndi tchaja yachabechabe kapena inveta yotchipa imene magetsi ake ndi osakhazikika, amasokoneza touch. Ichotseni pa tchaja muone ngati zasiya, zikasiya tayani tchajayo.

Tsopano ndinene za chinthu chimene chimandikwiyitsa. Ma app aja olembedwa cleaner, booster, battery saver, phone cooler, antivirus ya ulele, okhala ndi karoketi kapena katsache. Munthu amaona foni ikuchedwa nkuika atatu kapena anayi a amenewa poganiza kuti ndi mankhwala. Chimene amachita nkutseka ma app onse mokakamiza nkukuonetsani nambala yokongola kuti tamasula 800MB, patangopita kamphindi Android imawatsegulanso ma app aja chifukwa ena ndi ofunika, ndiye processor yagwira ntchito kawiri, batire ladyeka, kutentha kwaonjezeka. Pamwamba pa apo iwowo amakhala akuyenda nthawi zonse kumbuyo, akudya RAM yomwe akuti akumasulayo, nkumakuponyerani ma advert. App singaziziritse foni, mulibe fani mmenemo. Mu 2020 Google inachotsa pa Play Store ma app pafupifupi 600 chifukwa cha ma advert osokoneza, ndipo Clean Master imene inali pafupifupi mu foni ya aliyense inapita nawo. Achotseni onse. Chimodzimodzi chizolowezi chomangosesa ma app onse pa recent mphindi iliyonse, sichithandiza, app imene mumaitsegula pafupipafupi isiyeni ikhale, kuiyambitsa kuchokera pansi nkumene kumalemetsa foni.

Oopsa kuposa amenewa ndi ma app olandira kwa mnzanu pa Xender kapena odawuniloda pa ma link a m'magulu, monga GBWhatsApp imene ndi WhatsApp yokonzedwa ndi anthu ena osati eni ake, magemu oti ndi a ulele, ma app olonjeza bandulo ya ulele kapena ngongole ya pompopompo. Simudziwa amene anawakonza ndi zimene anaikamo. Mtsikana wina wa ku sekondale anabweretsa foni yoti ma advert amatulukira olo ali pa home screen, ina kutulukira akuimba foni, batire osafika masana. Tinaiika pa safe mode, pa mafoni ambiri mumagwira batani lozimitsira kenako nkudina mokhalitsa pa Power off mpaka ikufunseni za safe mode. Mmenemo foni imayenda ndi ma app ake obadwa nawo okha, ndipo yake ija inathamanga ngati yatsopano, ndiye tinadziwa kuti wolakwa ndi app imene anaikamo. Titapita ku Settings, Apps, nkutsika mpaka pansi pa mndandanda, tinapeza kena kopanda dzina, kopanda chithunzi, kangokhala mpata woyera. Kanakana kuchoka mpaka titakachotsa kaye pa Device admin apps ku Security. Kameneko kokha basi, foni inachira, homuweki yake ndi zithunzi zonse zili momwemo. Muzitsegulanso Play Store nkuyendetsa Play Protect nthawi ndi nthawi. Ndipo GBWhatsApp ija ikhoza kukutseketsani nambala, eni ake a WhatsApp salola.

Memori khadi nayo imatha kugwetsa foni yabwinobwino. Pamsika pali makhadi ambiri abodza, yalembedwa 64GB koma m'kati muli mwina 8GB, ikadzaza imayamba kudya zinthu zakale, zithunzi nkumaoneka zotuwa kapena theka. Ina ndi yeniyeni koma yochedwa kapena yatha, ndiye foni ikamayesa kuiwerenga gallery imahanga, nyimbo kudukaduka, nthawi zina foni yonse kuzima nkuyakanso. Kuyesa kwake nkosavuta, zimitsani foni, chotsani khadi, gwiritsani ntchito tsiku limodzi. Ikasintha mwampeza wakuba. Pogula yang'anani chizindikiro cha Class 10 ndi A1 kapena A2, ndipo ikatchipa modabwitsa ikayikireni. Ine ndimalangiza kuti khadi izisunga nyimbo, zithunzi ndi mavidiyo basi, foni ikakufunsani zoisandutsa internal storage kanani, chifukwa khadiyo ikafa imapita ndi ma app ndi zonse.

Tina ndi ting'onoting'ono koma timathandiza. Muziizimitsa foni nkuiyatsanso kamodzi pa sabata, pali anthu amatha miyezi osaizimitsapo. Ku Settings, Apps, sankhani Facebook, Chrome kapena TikTok, pitani pa Storage nkudina Clear cache, zimenezo ndi zinyenyeswa chabe, palibe chimene mutaye. Koma samalani, pambali pake pali Clear data kapena Clear storage, imeneyo pa WhatsApp imafufuta macheza onse nkukutulutsani, ndawona anthu akulira nayo. Ngati RAM yanu ndi 2GB kapena 3GB chotsani Facebook yaikulu muike Facebook Lite, yakhalapo kuyambira 2015 ndipo inapangidwira mafoni ndi netiweki ngati zathuzi, TikTok nayo ili ndi Lite. Ma app obwera ndi foni amene simuwagwiritsa ntchito, ngati sakuchoka dinani Disable. Wallpaper yoyendayenda ndi ma launcher okongoletsa achotseni. Pali kenanso, mukapita ku About phone nkudina Build number ka 7 pamatseguka Developer options, mmenemo muli mizere itatu ya animation scale, ikani yonse pa 0.5x. Kunena zoona sizionjezera mphamvu ya foni, zimangofupikitsa timasewero ta potsegula ndi potseka, koma m'manja imamveka yopepuka. Zina zonse za mmenemo musakhudze. Ma update a chitetezo muziika mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, batire lili lodzaza.

Zonsezi zikakanika ndiye tikambe zofufuta, koma ngakhale apo si kuflasha ayi, ndi factory reset, imene mukhoza kupanga nokha ku Settings osalipira aliyense. Musanatero, koperani zithunzi pa kompyuta kapena pa khadi yodalirika, pangani backup ya WhatsApp pa Google Drive, onetsetsani kuti manambala ali pa akaunti ya Google osati mu foni. Ndipo chachikulu, dziwani imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google imene ili mu foniyo. Ambiri kuno akaunti anawatsegulira ndi mnyamata wa pa shopu tsiku logula, iwo sadziwa olo dzina lake, ndiye foni ikafufutidwa nkufunsa akaunti yakale amasowa chochita, yangokhala ngati njerwa. Ndalama za ku Airtel Money kapena Mpamba musade nazo nkhawa, zimayendera nambala yanu, sizikhala mu foni. Mukatha reset musabwezeretse chilichonse nthawi imodzi, ikani ma app ofunika okhaokha, muone masiku awiri mmene ikuyendera. Kuflasha kwenikweni, kolemba software yonse mwatsopano ndi kompyuta, nkwa foni imene ikukanika kuyaka, yongoima pa logo, kapena imene kachilombo kalowa mpaka mu system. Wokonza akaika fayilo yolakwika foni imatha kufa kapena kutaya netiweki, ndiye si chinthu chongoyesera.

Pali nthawi imene ndimamuuza munthu mosabisa kuti apa bambo musatayenso ndalama. Chip ya storage ija ili ndi malire a kulemba ndi kufufuta, ikatopa foni imachedwa olo mutangoipanga reset mulibe kanthu, imaziyambiranso yokha, mukafufuta chinthu nkuzimitsa chimabweranso. Pa foni yotchipa kusintha chip imeneyo sikupindula. Chimodzimodzi foni ya 1GB RAM lero, ingokhala yoimbira ndi kumvera wailesi. Ngati mukukagula ina mutagulitsa thonje kapena chitowe, musatengeke ndi makamera anayi kumbuyo, ena mwa iwo ndi okongoletsa chabe. Funsani RAM yeniyeni, isachepere 4GB, storage 64GB kapena 128GB ngati thumba likulola, ndipo mukapeza yoti storage yake ndi ya mtundu wa UFS m'malo mwa eMMC tengani imeneyo, UFS imatha kuwerenga ndi kulemba nthawi imodzi pamene eMMC imachita chimodzi chimodzi, kusiyana kwake mudzakuona pakatha chaka. Ya kaunjika muiyese kaye, jambulani vidiyo mphindi zisanu muone mmene ikutenthera ndi mmene batire likutsikira.

Mlamu wanga uja tinakhala naye mpaka cha m'ma 4 koloko tikufufuta mavidiyo gulu ndi gulu, iwo akusankha okha zoti zitsale, za mbuzi zimene anagulitsa kale zonse zinapita, za mwana wawo tsiku la ubatizo tinazikopera pa khadi. Tinamasula 9GB, tinachotsa ma cleaner awiri, kava yakuda ija tinasintha ndi yopyapyala yoyera. Anabweranso mu Janyuwale kudzasintha batire, linali litayamba kutukuka pang'ono, dzuwa la pa thanki lija linali litalipweteka kale. Pano foni amaiika m'thumba la malaya, ndipo akafika pamsika wa ziweto ku Ngabu amayamba apeza mthunzi asanatsegule uthenga wa ndalama.